Mabuku Owamba a ku Lungwena

Ngati muli ndi zidzukulu komanso muli ndi mabuku, ndikhulupirira nkhawa iyi inakufikiranipo: kuti mukadzangoikidwa m'manda, mabuku anu adzalowera kumsika, ndipo tsamba limene munkalikonda lidzakulunga zitumbuwa. Ine Gordon, mphunzitsi wopuma wa ku Lungwena, nkhawayi inandigwira ndili ku Blantyre kwa mwana wanga Olivia, kumene ndinkadikira opaleshoni ya ng'ala. Kumudzi kunatsala mkazi wanga Maud, mwana wathu Fletcher yemwe ndi msodzi, ndi ana ake awiri, Tiyanjana ndi Evance. Foni pakhomo pathu inali imodzi, ya Fletcher, ndipo inkakhalira kunyanja. Choncho tinkalemberana makalata, otinyamulira ake ali a Lusiya, mayi wogulitsa nsomba zouma ku Limbe. Ndawaika pano monga analembedwera. Sindinakonze kanthu, ngakhale pamene akundinyoza.

Zingwangwa, Blantyre
9 Novembala 2023

Okondedwa amayi a Fletcher,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kuno tili bwino. Adokotala akuti diso lamanzere adzalikonza chaka chikatha, ndiye Khirisimasi ndidyera konkuno. Lamanja likuonabe pang'ono, ngati munthu woyang'ana pansi pa madzi amatope.

Lolemba ndinagula zitumbuwa ku Limbe, ndipo anandikulungira m'tsamba la buku la jogalafe. Dziko lonse la India linali mafuta okhaokha. Ndinadya, koma mtima unandiwawa. Pomwepo ndinaganiza zomangira zidzukulu zathu laibulale. Laibulale, amayi, ndi chipinda chimene mabuku amakhalamo mwaulemu, lililonse pamalo pake, mwakachetechete, monga timakhalira ife m'tchalitchi. Katoni imene a Lusiya akubweretserani ndicho chiyambi chake.

Tsopano mumvetsetse. Buku lili ndi adani atatu: madzi, chiswe ndi mwana. Woopsa kwambiri ndi mwana, chifukwa madzi ndi chiswe sizinyambita chala potsegula tsamba. Ndipo ana athuwo manja awo amakhala mamba okhaokha. Choncho katoni iliyonse imene nditumize isatsegulidwe ndi munthu aliyense mpaka ine nditabwera kudzawaphunzitsa kagwiridwe ka buku. Ndibwereze: isatsegulidwe.

Muwauze Che Sadik akalipentala ayambe kuganizira za mashelefu. Mundiuzenso ngati mbuzi ija ya khutu limodzi inabereka.

Ndine mwamuna wanu,
Gordon

Lungwena
21 Novembala 2023

Abambo a Fletcher,

Moni tamulandira. Bondo lilipo, silinapite kulikonse. Mbuzi sinabereke, kunali kukhuta chabe.

Katoni yafika. A Simioni akabaza ndiwo anainyamula kuchokera kumsewu, ndipo akuti njinga yawo sikuyendanso mowongoka. Anthu ataona kulemera kwake anati ndi shuga. Madzulo ake amayi a kutchalitchi anabwera kudzandizonda bondo, onse, ngakhale amene sanandizondepo chiyambire, aliyense ali ndi kajumbo kopinda m'chitenje. Nditawauza kuti ndi mabuku anaseka, amvekere, "Amayi Maud, mukatero ndiye kuti shugayo ndi wambiri."

Che Sadik ndawauza. Anafunsa ngati mashelefuwo ndi a golosale kapena a mbale. Ndinati a mabuku. Iwo anati, "Kodi aphunzitsiwo akudwala maso okha?"

Katoni ili m'chipinda chakumapeto, muja Fletcher amasungamo maukonde. Sitinatsegule. Evance amainunkhiza m'mawa uliwonse. Zoti mwana ndi mdani ndazimva. Ine ndimayesa laibulaleyo eni ake ndi anawo, koma poti sindinaphunzitsepo sukulu, ndangokhala chete.

Mukadzatumizanso katoni, dziwani kuti sopo nayenso amalemera bwino.

Ine,
Maud

Kalata yotsatirayi ndinaiika m'kati mwa katoni yachiwiri, pamwamba penipeni, kuti isatayike panjira.

Zingwangwa
7 Disembala 2023

Okondedwa amayi a Fletcher,

Moni kwa inu nonse. Ndakondwa kuti lamulo langa mukulisunga. Nawa makatoni ena awiri.

Mnyamata wogulitsa mabuku pakhonde la sitolo ina ku Limbe tsopano amanditcha pulofesa. Poti zilembo zing'onozing'ono sindikuziona, ndimasankha ndi dzanja: buku likalemera, ndiye kuti muli nzeru. Olivia akuti mwa amene ndagula muli lokonzera thalakitala, lina la mbalame za kumaiko achisanu, ndi lina lophunzitsa kulukira agalu majuzi. Ndamufotokozera kuti laibulale sisankha, pakuti palibe akudziwa chimene mdzukulu adzakhale akadzakula. Mulinso timabuku tingapo ta nthano m'Chichewa.

Chofunika kwambiri ndi ichi. Chipinda chakumapetocho chimadontha pakona ya kumpoto, paja lata lake linazuka msomali chaka chatha. Makatoni asakhale pakonapo. Muwaike pakati pa chipinda, pamwamba pa njerwa, mvula isanalimbe.

M'katoni muno ndaikamo loko wa chitseko cha laibulale ndi makiyi ake awiri. Kiyi mmodzi ndi wanga. Winayo ndi wanganso, wosungira. Sopo wanu ali pansi pa mabuku.

Wanu,
Gordon

Lungwena
2 Januwale 2024

Abambo a Fletcher,

Moni wa chaka chatsopano. Tonse tachiona, ndi mbuzi yomwe.

Makatoni awiri anafika Khirisimasi isanakwane, koma kalata ayi. Ndinawapanikiza a Lusiya kuti mwina anaitaya, iwo analumbira mpaka kukhutula dengu lawo pansi. Kodi mwaiwala kulemba? Kapena ku Zingwangwako kuli wina amene akukuwerengerani mabukuwo? Ngati alipo, mumuuziretu kuti mumaliza mkonono ndipo therere simudya. Sopo sindinamuone.

Khirisimasi inayenda bwino. Tiyanjana anaimba nawo kwaya, Evance anali m'busa m'sewero ndipo anamenyana ndi mngelo. Makatoni onse atatu tawasanjikiza bwinobwino pakona ya kumpoto, kuti asatchinge njira ya maukonde. Sitinatsegule. Mvula yayamba mwamphamvu.

Maud

Zingwangwa
11 Januwale 2024

Amayi a Fletcher,

Moni, za bondo ndifunsa ulendo wina. Kalata ili m'katoni! Sopo ali m'katoni! Tsegulani katoni yachiwiri lero lomwe, ndipo zonse muzichotse pakona ya kumpoto. Pamene ndinati isatsegulidwe sindinatanthauze kuti isatsegulidwe mpaka kufika pamenepo. Kuno kulibe wondiwerengera kupatula Olivia, ndipo therere ndinayamba kudya.

Gordon

Kalata imeneyi inapita ndi a Lusiya. Yotsatirayi inabwera ndi kondakitala wa minibasi. Ziyenera kuti zinasemphana cha pa Liwonde.

Lungwena
12 Januwale 2024

Bambo,

Moni. Musadandaule, palibe wamwalira.

Lachiwiri kunabwera mvula ya mpoto. Lata la chipinda chakumapeto linauluka, tinakalipeza mumtengo wa mango kwa a Yakobo. Makatoni anu anamwa madzi mpaka anatseguka okha, ndiye palibe amene waswa lamulo lanu. Titalowa tinapeza thovu lofika m'mawondo. Amayi anangoima pakhomo, amvekere, "Ndiye sopo wanga ameneyu." Kalata yanu tinaipezanso, koma inki inasungunuka. Mawu amene akuwerengeka ndi awiri, "agalu" ndi "njerwa". Loko ali bwinobwino.

Ife za mabuku sitidziwa, bambo, koma chinthu chonyowa chimene chikufuna kuola timachidziwa. Usipa wasowa masiku ano, thandala loyanikira nsomba likungokhala, ndiye mabukuwo tawayanika pamenepo. Tawasanja monga timachitira ndi nsomba: ang'onoang'ono kwaokha ngati usipa, apakatikati ngati utaka, akuluakulu ngati kampango. Mukudziwa kuti usipa ukapanda kutembenuzidwa umaolera kunsi. Masamba nawonso tinaona kuti akumatirirana, ndiye Tiyanjana ndi Evance tawapatsa ntchito yotembenuza tsamba limodzilimodzi ndi kuingitsa akhwangwala. Ndawakumbutsa kuti agogo analetsa, choncho azitembenuza osayang'ana.

Dzulo wogula nsomba wina wochokera ku Namwera anaima pathandalapo nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ndowa tikupanga zingati. Ndinamuuza kuti ndi za banja.

Ang'onoang'ono akuuma bwino. Ovuta ndi akampangowo. Amayi akuti nsomba yonenepa siuma ndi dzuwa la dzinja, imafunika kuwamba, ndiye Lolemba tiyatsa uvuni. Musaimbe foni, nayonso inanyowa, ili pathandala pomwepo.

Mwana wanu,
Fletcher

Zingwangwa
17 Januwale 2024

Fletcher mwana wanga,

Moni. Ndikulemba modekha.

Buku si nsomba. Ndifotokoze pang'onopang'ono. Nsomba imawambidwa chifukwa pamapeto pake imadyedwa. Buku silidyedwa. Pepala linachokera ku mtengo, ndipo mtengo ukakumana ndi moto umadziwa wekha chimene chimachitika, paja unafika Fomu 2. Buku lonyowa amaliumitsa pamthunzi, pamalo opita mphepo, kenako n'kulipsinja ndi chinthu cholemera. Uwauze amayi ako, mwaulemu koma momveka, kuti asayatse uvuni. Ngati ayatsa kale, azimitse.

Ana achoke pathandalapo. Ndinatchula adani atatu. Woyamba walowa kale, ndipo iwe watenga wachitatu n'kumulemba ntchito ya ulonda.

Ndayesa kuimba ngakhale unaletsa. Sikulira.

Bambo ako,
Gordon

Lungwena
29 Januwale 2024

Abambo a Fletcher,

Moni. Kalata yanu yoti tisawambe yafika titawamba kale. Ndaiwerenga nditakhala pambali pa uvuni.

Za utsi musandiphunzitse. Ndinayamba kuwamba nsomba inu musanandifunsire, ndipo sindinapsererezepo ndi imodzi yomwe. Tinasonkha moto wapansipansi, wa utuchi wa kwa Che Sadik, mabukuwo tinawayala pawaya atakanula ngati kampango wong'amba, n'kumawatembenuza. Auma onse gwa! Asanduka ofiirira, akuoneka bwino kuposa mmene anabwerera. La majuzi a agalu lokha ndilo lapserera m'mbali, ndipo palibe walira. Chiswe chinabwera, chinanunkhiza, chinabwerera. Foni ya Fletcher tinaiwambira limodzi. Iyo yokha ndiyo sinachire.

Vuto ndi amphaka. Sindinkadziwa kuti Lungwena ili ndi amphaka ochuluka chonchi. Abambo ansembe atabwera kudzationa anangogwirako buku limodzi, ndipo akuti mphaka wawo wakhala akuwanyambita zala mpaka Lamulungu.

Vuto lina ndi ana. Ulesi wawalowa. Ntchito yotembenuza ija tsiku loyamba anaimaliza dzuwa lisanatenthe, pano akumafika nayo madzulo. Mabuku anauma kalekale, koma iwo akuti m'kati mukadali chinyezi. Evance ndinamupeza pansi pa thandala atagwira tsamba limodzi lomwelo kuyambira m'mawa, kukamwa kuli yasa. Tiyanjana sakudya bwino, ndipo Lachisanu ndinamupeza akulira kuseri kwa uvuni. Nditamufunsa chavuta n'chiyani, anangoti mbuzi. Ndi yanu ija ya khutu limodzi, inadya masamba akumapeto a kabuku kena. Mtsikana wa Sitandade 7 angalilire pepala? Ine ndikuti ndi malungo. Mawa ndipita naye kuchipatala.

Maud

Lungwena
5 Febuluwale 2024

Okondedwa agogo aamuna,

Muli bwanji? Diso lili bwanji? Ife tili bwino. Kalatayi ndapereka ndekha kwa a Lusiya, agogo aakazi sakudziwa. Kuchipatala anandibaya chala, malungo sanawapeze.

Agogo, pepani. Adadi anati tizitembenuza osayang'ana, ndipo tinayesetsa. Evance ankatsinzina, koma anang'amba tsamba, ndiye tinagwirizana kuti tiziyang'ana pakona pokha. Koma pakona palinso mawu, ndipo ukawerenga a pakona umafuna kudziwa amene ali pamwamba pake. Sitinachite dala.

Pali kabuku kena ka Chichewa ka chikuto chobiriwira, pano ndi chofiirira. Kakunena za mtsikana dzina lake Dinala, amene anabisala m'lole ya fodya kupita kutauni kukafuna mchimwene wake. Ndinafika pamene Dinala wagogoda pachitseko cha nyumba ina, ndipo wina m'katimo wayamba kutsegula. Pomwepo agogo aakazi anandituma kukatunga madzi. Pobwera ndinapeza mbuzi ikumaliza. Agogo, anatsegula ndani? Inu munawerenga mabuku onse, ndiuzeni chonde.

Chinanso ndi loko uja. Ali pazenera. Adadi akuti mukabwera mudzatseka chitseko ndipo makiyi onse awiri ndi anu. Ndi zoona? Ngati ndi zoona, tikupempha muchedweko pang'ono, sitinamalize kuumitsa ambiri. Timasamba m'manja ndi phulusa, poti sopo kulibe. Subira ndi Hafiz, ana a Che Sadik, amabwera kudzatithandiza, nawonso amasamba.

Evance akuti ndilembe izi. Kuli mbalame zina zosauluka, zoyenda ngati abambo ansembe akavala mkanjo, ndipo zimadya tinsomba tonga usipa. Akufunsa ngati tingaweteko ziwiri. Akutinso injini ya boti ya adadi imatsokomola chifukwa sakuisamala monga amasamalira thalakitala. Adadi amuuza kuti akabwerezanso akagona kwa thalakitalayo.

Mdzukulu wanu,
Tiyanjana

Zingwangwa
26 Febuluwale 2024

Amayi,

Moni wochuluka. Tonse tili bwino. Adzukulu anu Raymond ndi Rachael akupereka moni, ngakhale sanadzutse mitu pafoni ya bambo awo pouperekapo.

Opaleshoni ya bambo inayenda bwino. Masiku oyamba diso linali m'bandeji, ndiye makalata ndinkawawerengera ine. Yanu ya uvuni ija nditafika poti "auma onse gwa", anadzigwira pamtima n'kubuula mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Ananena kuti akangofika atseka chipindacho ndipo makiyi aziyenda nawo m'khosi.

Kenako inafika ya Tiyanjana. Nditamaliza anati ndibwereze. Ndinabwereza. Ndiye anandifunsa, "Iwe, kabuku kobiriwirako unakawerenga?" Ndinati ayi. Iwo, "Inenso ayi. Kanali kopepuka. Mnyamata uja anangondiikira ngati basela."

Atangochotsa bandeji anandiyendetsa Limbe yense kufuna kena kofanana nako. Mnyamata wa mabuku uja anati kanali kamodzi kokha, koma ali ndi lina lolemera kwambiri la misonkho ya dziko la Canada. Ndinawakoka dzanja.

Za loko sanenanso kanthu. Ndikawafunsa amangoti, "Tikaonera komweko." Anawo muwakonzekeretse, sindikudziwa chimene aganiza. Anyamuka Loweruka. Sopo wanu ndamuika m'chikwama chapadera, mulibe buku ngakhale limodzi.

Mwana wanu,
Olivia

Lungwena
11 Malichi 2024

Olivia mwana wanga,

Moni kwa iwe, amuna ako ndi ana. Ndinafika bwino. Diso likuona mpaka mapiri a tsidya lija, ndipo ndazindikira kuti amayi ako akhala akundiyang'ana mwanjira inayake kwa zaka zambiri ine osadziwa.

Laibulale ndinaimva ndisanaione. Nditangotsika panjinga ya a Simioni, fungo la kampango linandichingamira pamtengo wa mango wa a Yakobo, ndipo amphaka anandiperekeza mpaka pakhomo. Lata analikhomanso. Che Sadik, posowa wowafotokozera, anapanga chimene Fletcher anawauza: kathandala ka m'nyumba, ka waya, mabuku atagona chogona kuti mphepo izipita kunsi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti m'laibulale mabuku amasanjidwa motsata nkhani zake, koma Hafiz anandidutsa m'miyendo akuti, "Odi aphunzitsi, ndabweza utaka, lero ndikufuna usipa, kampango sindingamuthe." Anapita molunjika n'kutenga kamene amafuna. Ndinatseka pakamwa.

Amayi ako anatenga loko pazenera n'kundiika m'manja. "Nayu," anatero. "Uyu yekha ndiye anamvera malamulo anu onse."

Ana anayi anali ataima pakhomo, zikhatho zili m'mwamba kuti ndione kuti asamba. Tiyanjana sanafunse za loko. Anati, "Agogo, anatsegula ndani?"

Ndinati, "Sindikudziwa, mdzukulu wanga. Sindinakawerenge."

"Nanga la mbalame?" anatero Evance.

"Nalonso ayi."

"La thalakitala?"

"Evance," ndinatero, "agogo ako amadwala maso."

Tiyanjana anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti sindinabatizidwe. Kenako anandigwira dzanja n'kundikhazika pamkeka. Anati, "Khalani apa. Nditembenuza ndine, inu simudziwa kugwira owamba, amathyoka." Choncho buku loyamba limene diso langa latsopano lawerenga ndi kabasela kaja, ndipo wondiphunzitsa kagwiridwe kake anali mdani wachitatu. Ndinakwera naye Dinala m'lole ya fodya, ndinasochera naye m'tauni, ndinagogoda naye pachitseko. Tsamba lotsatira linali mano a mbuzi okhaokha. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Amayi ako anandigwira pamphumi, amvekere, "Malungo aja ndi opatsirana."

M'mawa mwake ndinakhala pansi ndi loko m'manja, n'kuwerengeranso adani aja. Madzi analowa chifukwa ine ndinati pasatsegulidwe. Chiswe chinathawa utsi umene ine ndinaletsa. Tsamba lililonse limene lapulumuka m'chipindamo linapulumuka chifukwa chala cha mwana chinalitembenuza. Mdani weniweni ndinali ndisanamuwerengere n'komwe, ndipo nthawi imeneyo anali ataima pakhomo ndi khutu lake limodzi, akuyang'ana buku la misonkho ya Canada. Inde, ndinabwerera tsiku lina iwe uli kuntchito. Usawauze amayi ako kuti ndinachita kugula.

Loko tsopano ali pakhola. Kiyi mmodzi ali ndi amayi ako, wina ali ndi Tiyanjana. Chitseko cha laibulale timangochitseka ndi kamtengo, chifukwa cha amphaka. Mbuziyo timaipatsa ulemu wake, pakuti m'Lungwena monse ndi yokhayo imene ikudziwa amene anatsegula.

Enafe timangoganizira. Evance akuti inatsegula ndi mbalame ija ya mkanjo. Che Sadik, amene Subira anawafotokozera nkhani yonse, akuti zimadalira amene anapanga chitsekocho, mwina sichinatseguke n'komwe. Amayi ako akuti anatsegula ndi mlamu wake wa Dinala, ndipo mawu ake oyamba anali ofunsa ngati wabwera ndi sopo. Tiyanjana akulemba mathero akeake m'kope. Ndikamupempha kuti ndione, akuti sanaume.

Tsopano pempho langa. A Lusiya akupatsa kabuku kamodzi, ka gulu la usipa. Usakaike m'kabati. Ukasiye patebulo pamene Raymond ndi Rachael amakhala, uwauze kuti agogo akuti m'kati mukadali chinyezi, ndiye azitembenuza tsamba limodzilimodzi, koma osayang'ana. Ukatero uchokepo. Mabuku ako omwe uli nawo usachite kuwanyika m'madzi, ingowatsitsa pamene dzanja la mwana lingafike. Tayesako mwana wanga, ngakhale sabata imodzi, kenako undilembere mmene zayendera.

Kalatayo usaiike m'katoni.

Bambo ako,
Gordon